Ngaka ya Mabwana Awiri

Ana anga, za ubwana wanga ndazisiya dala chifukwa mulibe chachilendo. Ndinaweta mbuzi, ndinathawa sukulu kawiri, ndinakwapulidwa katatu. Pano ndikufuna ndilembe za ntchito, makamaka za sabata imodzi imene inandikalambitsa kuposa zaka zonse zimene ndinavala yunifolomu ya mlonda wa nkhalango. Mayi anu akuti ndisakokomeze. Ndawauza kuti nkhani iyi siyofuna kuthira mchere, inakolera yokha.

Nthawi ya chipani chimodzi

Ndinalembedwa ntchito ndisanakwatire, ndipo ananditumiza kumapiri a Ntchisi, kumene nkhungu imatsika mpaka pakhonde ndipo mwezi wa Juni madzi amaluma mano. Anandipatsa chipewa, lamba, kabuku kolembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, ndi jombo ziwiri, zonse za phazi lakumanzere. Nditadandaula, bwana wanga woyamba, a Lungu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Mbewe, boma sililakwitsa. Mwina mapazi akowo ndiwo alakwitsa." Ndinayenda chaka chathunthu ndikukhotera kumanzere, mpaka anthu a m'mudzi anayamba kunong'onezana kuti mlonda watsopanoyu amalawa kachasu m'mamawa.

Komabe masiku amenewo zinthu zinali zomveka. Bwana anali mmodzi, mawu ake ankachokera ku likulu, basi. Nyama ya m'nkhalango inali ya boma, mtengo wa boma, ngakhale bowa tinkazula mwaulemu. Ntchito yanga inali kuyendera malire, kuonjola misampha, kuzimitsa moto wa osaka mbewa ndi kuthamangitsana ndi otentha makala, amene nthawi zonse ankandiposa liwiro. Kuchoka ku Ntchisi anandisamutsira cha ku Nachisaka, kumene ndinakangana ndi alimi a fodya onse ofuna mitengo ya zigafa, kenako kufupi ndi Dzaleka, kumene njinga zinkanyamula makala ambiri kuposa anthu. Pomalizira ananditaya ku Chiphazi, kankhalango ka m'malire a Dowa ndi Ntchisi. Ofesi inali kachipinda kamodzi kophatikana ndi nyumba yathu, ndipo njinga ya ntchito matayala ake ndinkachita kutsendereza udzu. Anthu kumeneko dzina langa analitaya, ankangondiitana kuti a Folesiti.

Zaka za mphamvu ku anthu

Kenako kunabwera mawu akuti mphamvu ku anthu, ndipo ine ndinadzuka tsiku lina ndili ndi mabwana awiri. Woyamba anali a Zimba a ku likulu ku Lilongwe, amene ndinkangowadziwa mawu pafoni. Wachiwiri anali a Matewere a ku ofesi ya paboma, munthu wamfupi wokonda suti ndi njinga yamoto. Kalata ya a Zimba inkati nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu ndi chuma cha dziko lonse, nkhani zake zizipita kwa iwo okha. Kalata ya a Matewere inkati mphamvu zatsikira m'maboma, chilichonse chopuma m'dera lawo chili m'manja mwawo. Pawailesi tinkamva kuti kukukambidwa lamulo latsopano loti lithetse mkanganowu, ena akuti nyama zotere aziyang'anira a m'maboma, ena akuti ayi, zikhale ku likulu. Lamulolo silinkadutsa ndiponso silinkafa, linkangobwatabwata ngati nyemba zakale. Chimene palibe ankatsutsa chinali chimodzi: wopezeka akusunga ngaka popanda chilolezo, ndende yake inali ya zaka zambiri, yotuluka munthu atayera mutu.

Tsiku lina ndinafunsa a Matewere kuti, "Bwana, nanga ineyo ndine wa yani?"

Iwo anati, "Ndinu wathu, a Mbewe, kupatula pa nkhani ya nsapato ndi matayala. Zimenezo n'za ku likulu."

Nditaimbira a Zimba anandiyankha chimodzimodzi, anangotembenuza. Akulu akale sananame kuti mapanga awiri avumbwitsa. Pamene nkhani ya ngaka inkandigwera, kunali kutatsala miyezi inayi yokha kuti ndipume pantchito ndi dzina labwino ndi penshoni yanga.

Lolemba

Unali mwezi wa Disembala, mvula itangoyamba, nthawi ya ngumbi. Inu amene munazolowera m'tauni mwina mwaiwala kuti kwathu kuno chulu chilichonse chili ndi mwini wake. Munthu amachisamala, amachiphimba udzu, amakumba kadzenje kotcherapo ngumbi, ndipo wokhudza chulu cha mnzake ali ndi mlandu wofanana ndi wokolola m'munda wa eni. Chulu chachikulu kuposa zonse, cha m'mphepete mwa nkhalango, chinali cha a Nankhoma, mayi wamasiye amene ankalera okha adzukulu atatu. Pakamwa pawo pankaopedwa mpaka kutsidya kwa mtsinje.

M'mawa umenewo ndinamva, "Odi kuno, a Folesiti!" Potuluka ndinapeza a Nankhoma atula dengu lovundikira chitenje pakhonde la ofesi.

"Ndabwera ndi mlandu," anatero. "Chiweto chanu chandidyera chulu."

"Chiweto chanji, mayi? Ife nkhuku zinatha ndi chitopa."

"Musandichedwetse. Chilichonse chotuluka m'nkhalangomo mumati n'chanu. Lero musachikane."

Anavundukula chitenje. M'dengumo munali ngaka, yadzikulunga ngati nkhata, mamba ake atasanjikizana bwinobwino, mutu wosaoneka. Zaka zonse zimenezo ndinali ndisanaione yamoyo, ndinkangoiona pachithunzi chimene chinali kukhoma la ofesi.

"Mwaipeza liti?" ndinafunsa.

"Loweruka. Ndinaipeza ikufukula mbali yomwe ngumbi zimatulukira kwambiri, yopanda ndi manyazi omwe."

"Loweruka? Ndiye masiku awiri onsewa inali kuti?"

"M'khitchini mwanga, pansi pa dengu, mtondo pamwamba. Nanga ndikanaisiya ithawe mlandu?"

Mwaona, a Nankhoma anachita zimene aliyense amachita akagwira mbuzi ikudya chimanga chake: amaitsekera, n'kulengeza m'mudzi kuti mwini abwere akambirane. Anatumiza mawu nyumba ndi nyumba. Mwini sanabwere. Anapita nayo kwa amfumu, chifukwa kale ngaka ikapezeka inkaperekedwa kwa mfumu. Koma amfumu athu anali ndi wailesi. Atangomva dzina la nyamayo anayankhira m'nyumba kuti akudwala malungo, sakuona bwino, ndipo sanamve chilichonse.

Ndinawafotokozera za lamulo mwapang'onopang'ono, kuti kusunga nyama imeneyi ngakhale usiku umodzi n'kupalamula. Iwo anagwira m'chiuno.

"Andimange ine? Wodyeredwa ndine, womangidwa ndinenso? Dziko ili lapenga eti? Mwini wake ndani kodi?"

"Boma, mayi."

"Boma lake liti? La ku Lilongwe kapena la wanjinga yamoto uja?"

Ndinatenga foni n'kukwera pathanthwe la kuseri kwa nyumba, chifukwa ku Chiphazi foni inkagwira pamenepo pokha, munthu utaimirira chakumpoto. A Zimba atamva anakuwa mpaka ndinachotsa foni kukhutu.

"Ngaka! Yamoyo? Musaisunthe. Musaipereke kwa a paboma. Galimoto ikubwera mawa. Waipeza ndani? Munthu ameneyo ayambe wasungidwa kupolisi, tidzamufunse bwino. Anthu amenewa amanamizira kutola."

Ndinayang'ana pansi. A Nankhoma anali atakhala pakhonde, miyendo atatambasula, akukalipira dengu. Ndinaganiza za adzukulu atatu aja.

"Bwana, ndaipeza pakhomo pa ofesi."

"Yabwera yokha?"

"Yokha, bwana."

"Nyama yanzeru," anatero a Zimba. "Ikudziwa mwini wake."

Ndinalemba zomwezo m'kabuku. Linali bodza langa loyamba m'kabuku ka boma.

Nkhani ya ngaka ilibe mapazi koma imathamanga. Dzuwa lisanapendeke njinga yamoto ya a Matewere inali itafika. Anasuzumira m'dengu ataima patali, manja kumbuyo.

"Imaluma?"

"Ilibe mano, bwana."

"Chabwino. Yapezeka m'boma lathu, ndi yathu. Sikwera galimoto ya ku Lilongwe popanda kalata yanga. Tikonza mwambo, tiitane alendo, dziko lione kuti maboma angathe kusamala nyama zawo."

"Ndiye muitenga lero, bwana?"

Anayang'ana njinga yawo, anayang'ana suti yawo. "Ikhale kaye m'manja mwanu. Koma mumve bwino, a Mbewe. Ikafa, ndinu. Ikasowa, ndinu."

Lachiwiri ndi Lachitatu

Galimoto ya ku likulu sinabwere, ati mafuta. Ngaka nayo inakana kudya. Mayi anu, amene mlendo sachoka pakhomo pawo ndi njala, anaiona ngati nkhani yowanyoza. Anaipatsa gaga, anaipatsa nthochi, anaipatsa mkaka m'mbale ya alendo, anafika poikazingira ngumbi n'kuthira kamchere. Ngaka inangodzikulunga phee.

"Mlendo wamwano chotere sindinamuone," anatero mayi anu. "Ngakhale alamu anu aja amalawako."

Vuto n'lakuti ngaka sidya za m'mbale. Imadya nyerere ndi chiswe zamoyo, zofukula yokha, kunyambita ndi lilime lake lalitali. Ndinakwera pathanthwe. A Zimba anati, "Ipatseni chakudya choyenera," n'kudula foni. A Matewere anati, "Chakudya ndi nkhani ya ku likulu." Zulu za pafupi zonse zinali ndi eni ake, zophimbidwa kale udzu, ndipo palibe akanalola nyama ya mlandu pachulu chake. Ndinavula chipewa n'kupita kwa a Nankhoma.

Anandisiya ndiime pabwalo mpaka atamaliza kupeta.

"Dzulo munkati ndi ya boma," anatero. "Boma lonseli lilibe chulu?"

"Lilibe, mayi."

"Maboma awiri, opanda chulu ngakhale chimodzi. Koma abale! Ndiye mwabwera kudzapempha kuti wakuba uja adzamalize zimene anayamba?"

"Ikafa ndimangidwa, mayi. Ndatsala ndi miyezi inayi."

A Nankhoma anali atamva kale kwa mayi anu zimene ndinalemba m'kabuku, ngakhale sanazitchule.

"Ngaka ndi ya boma, koma chulu n'changa," anatero. "Idye mbali yoyang'ana kunkhalango yokha. Ndipo ndizikhalapo ndekha, chifukwa inu a boma malire simuwadziwa."

Choncho dzuwa likapendeka tinkanyamuka, ine patsogolo ndi yunifolomu, dengu paphewa, a Nankhoma pambuyo ndi kampando. Anthu ankaima m'mphepete mwa njira n'kumati, "A Folesiti akukadyetsa ng'ombe zawo!" Ine ndinkangoyang'ana kutsogolo. Tikafika ndinkaitula, n'kudikira. Pakapita nthawi inkatambasuka, kutulutsa kamutu, n'kuyamba kuyenda ndi miyendo yakumbuyo, yakutsogolo itaipinda pachifuwa ngati mkamwini wopita kukapepesa kwa apongozi. Ikangolowera mbali yoletsedwa, a Nankhoma ankamenya pansi ndi ndodo.

"Iwe! Malire! Tinagwirizana chiyani?"

Chodabwitsa n'chakuti inkabwerera. Lachitatu ndinawamva akuiuza motsitsa mawu kuti, "Idya apo, pali zonona," koma ataona kuti ndamva anayamba kundikalipira za chipewa changa chakuda.

Koma zoseketsazo zinali pamwamba chabe. Ngaka inkangonyambita pang'ono n'kusiya. Phokoso la anthu, dengu, kunyamulidwanyamulidwa, zonsezi zinkaidwalitsa. Poinyamula ndinkamva kuti ikupepuka. Komanso Lachitatu lomwelo mwini golosale anandinong'oneza kuti kwabwera anthu awiri achilendo a nsapato zowala, akufunsa njira ya kunyumba kwa a Folesiti. Anthu otere safunsa njira kuti adzapereke moni, amafuna ngaka yoti akagulitse.

Lachinayi

Tsiku limeneli kunachitika msonkhano umene sindidzauiwala. A Matewere anabwera ndi chikwama cha mapepala kuti athane ndi a Zimba, ndipo poti foni inkagwira pathanthwe pokha, msonkhano unachitikira pamwamba pa thanthwe. A Matewere anakwera chokwawa, suti ili mbuu, ine ndikuwakankha kumbuyo mwaulemu. Ndinaimirira chakumpoto, foni m'mwamba, mawu a a Zimba akumveka kwa tonse.

"Nyama imeneyi ndi ya dziko lonse," anayamba a Zimba. "Ngaka sidziwa kuti apa ndi Dowa, apa ndi Ntchisi. Lero ili kwanu, mawa ili kwa anzanu. Boma lililonse likamapanga zake, itha."

"Inu a ku likulu mumaidziwira pachithunzi," anayankha a Matewere. "Amene amakhala nayo ndi anthu athu. Imadya m'dera lathu. Lamulo latsopano likunena momveka."

"Lamulo limenelo silinadutse!"

"Likudutsa!"

Kunena zoona, onse awiri anali ndi mfundo, ndipo tsiku lina ndikanakonda kuwamvetsera nditakhala pamthunzi. Anawerengerana makalata, ndime ndi ndime, mkono wanga ukuchita dzanzi. Pomaliza ndinatsokomola.

"Mabwana, pepani. Ngakayo yafooka. Lero m'mawa ndaikhudza, sinadzikulunge msanga. Sindikudziwa ngati ifika Lamulungu."

A Matewere anatseka chikwama chawo cha mapepala.

A Zimba anayamba, mawu atafewa ngati a m'busa. "A Matewere, ndaganizira bwino. Polemekeza mphamvu ku anthu, likulu lavomera kuti nyamayi ikhale m'manja mwa boma lanu."

"Ayi, ayi, ayi," anatero a Matewere, akubwerera m'mbuyo mpaka ndinawagwira jekete kuti asagwe. "Mwanena nokha kuti lamulo silinadutse. Ife ndife ndani kuti tilande chuma cha dziko lonse?"

"Yapezeka kwanu."

"Koma ndi yanu."

Kwa masiku atatu ngaka inali ndi eni awiri. Pa mphindi imodzi inasanduka yamasiye. Ndinafunsa kuti, "Nanga ndikaibweze kunkhalango, mwina ingachire?"

A Zimba anati, "Ine sindinanene kuti muimasule."

A Matewere anati, "Inenso sindinanene."

"Ndiye ndiisunge?"

A Zimba anati, "Zimenezonso sindinanene. Lembani kalata, a Mbewe, idzere kwa a Matewere."

"Isadzere kwa ine!"

Pomwepo foni inazima, moto unatha. Kutsitsa a Matewere pathanthwe inali ntchito ina, ndipo atafika pansi sanapemphenso kuona ngaka.

Lachisanu

Ndinadzuka kusanache bwino, mutu uli wuu. Mayi anu anandipeza nditakhala pafupi ndi dengu.

"Bambo a Tadala, mwaganiza chiyani?"

"Ikafera muno, ati ndaipha. Ndikaimasula, ati ndagulitsa. Miyezi inayi, mayi. Zaka zonsezi ndayenda ndi jombo zamanzere kuti zithere pa chinthu chopanda ndi mano omwe?"

Mayi anu anati, "Poti konsekonse kuli mlandu, sankhani mlandu umene mungagone nawo tulo."

Ndinavala yunifolomu yonse, lamba ndi chipewa chomwe, n'kunyamula dengu la ngaka. Ndinadzera kwa a Nankhoma kukawauza kuti chulu chawo chapumula. Iwo sanafunse zambiri, anangomanga chitenje n'kunditsata. Ndinawaletsa, koma kuletsa a Nankhoma kunali kutaya malovu. Tinakwera phiri dzuwa likutuluka, kudutsa pamene amalekezera otola nkhuni, kudutsa pamene amalekezera otentha makala, mpaka kuchigwa china chimene ndinkachidziwa ine ndekha, kumene kuli zulu zopanda mwini. Ngati kumeneko ndi Dowa kapena Ntchisi, mpaka lero sindidziwa.

Ndinaitula pansi pa mtengo wa msuku. Inakhala nthawi yaitali osagwedezeka, mpaka mtima wanga unati tachedwa. A Nankhoma anagwada pafupi.

"Dzuka iwe," anatero. "Wandidyera chulu changa kuti udzafere pano? Usandichititse manyazi."

Patapita kanthawi mamba anagwedera. Kamutu kanatuluka, kananunkhiza dothi. Inaimirira mwaulesi, inapita pachulu chapafupi, n'kuyamba kufukula ndi mphamvu imene sindinaione sabata yonseyo, dothi likuuluka. Inadya, inadya, kenako inalowa m'thengo osacheuka.

"Yapita osapepesa," anatero a Nankhoma, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mlandu wanga wathera pomwepa."

Ine ndinalira, ana anga, sindibisa. Ndinalira chifukwa cha chimwemwe, ndinaliranso chifukwa cha mantha, ndipo tinatsika phiri ndi dengu lopanda kanthu.

Loweruka, ndi zotsatira zake

Mafuta anapezeka Loweruka. Galimoto ya ku likulu ndi galimoto ya paboma zinafika motsatizana, pamodzi ndi munthu wojambula zithunzi ndi bokosi lokongola loboola mphepo. Zinamveka pambuyo pake kuti wina wamkulu kuposa onse awiri anafunsa za ngaka, ndiye onse anaikondanso mwadzidzidzi. Kanali koyamba kuwaona a Zimba maso ndi maso. Munthu amene ndinkamuopa pafoni zaka zonsezo anali wamng'ono kwa iwe, Tadala.

"Ili kuti?" anafunsa a Zimba.

"Ndaibweza kunkhalango, bwana. Ikanafa."

"Anakulamulani ndani?"

"Palibe, bwana. Nonse munati simunanene."

"Mboni ndani? Alipo anaona mukuimasula?"

Apa ndiye panali pothina. Mboni inalipo, ndipo nyumba yake inkaoneka tili pomwepo, utsi ukufuka. Koma kuitchula kunali kutsegula nkhani yonse: anaipeza ndani, inagona kuti masiku awiri, ndipo n'chifukwa chiyani kabuku kakunena zina. A Zimba anali atanena kale zimene adzachite ndi munthu wotero. M'mudzi monse ankadziwa amene anaitola, koma alendo atafunsa aliyense anagwidwa ndi malungo a amfumu aja.

"Ndinali ndekha, bwana," ndinatero.

A Zimba anayang'ana a Matewere, a Matewere anayang'ana a Zimba, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire mphamvu ku anthu likulu ndi boma zinagwirizana pa mfundo imodzi: Mbewe wagulitsa ngaka.

Anasecha m'nyumba, anagwedeza matiresi, analowa m'nkhokwe, anasuzumira ndi mumphika wa mayi anu, amene anawafunsa ngati akufunanso mbale. Sanapeze kanthu, choncho kundimanga kunakanika. Anandiimitsa ntchito kudikira kuti ndikaweruzidwe ku ofesi. Koma ofesi yake iti? Likulu linalemba kuti Mbewe ndi wantchito wa paboma, amuweruze a paboma. A paboma analemba kuti alonda a nkhalango ndi a ku likulu. Makalata anayenda, ine ndili pakhomo ndikupalira maungu. Miyezi inayi inatha mlandu usanapeze mwini, tsiku lopuma linandipeza, ndipo penshoni inabwera mochedwa koma inabwera. Lamulo lija ndinalisiya likukambidwabe.

Mungaseke, inenso ndimaseka, koma chimene sichinabwere ndi kalata yonena kuti ndinalibe mlandu. Panalibe mwambo wonditsanzika. Titabwerera kumudzi kuno nkhani inali itafika kale, ndipo kuno kunalibe amene anaona chilichonse. Kumpingo anandipempha mwaulemu kuti ndipumeko kaye paudindo wa ukulu. Titafolera nyumba ino ndi malata, anthu podutsa ankati, "Taonani mamba a ngaka akuwala." Zinandiwawa, ana anga, zinandiwawa kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti nanunso munazimva ku maukwati ndi kumaliro.

A Nankhoma anayenda ulendo wonse wochoka ku Chiphazi katatu konse kudzandiona pa nkhani imeneyi.

"A Folesiti, pakamwa panga mukupadziwa," anatero ulendo womaliza. "Nditengereni kwa mabwana anuwo, onse awiri, ndikawatsuke. Ndikawauze kuti ndinaona ndi maso angawa."

"Ndiye akakusungani, ana aja aphikire ndani?"

"Nanga dzina lanu?"

"Dzina silidya, mayi. Ana amadya."

Ananditukwana kuti ndine wouma mutu ngati chiweto changa chija, n'kundisiyira mbale ya ngumbi, n'kumapita. Ndinawalonjeza kuti ali moyo sindidzatchula dzina lawo pa nkhani imeneyi kwa munthu aliyense, ndipo mayi anu nawo analumbira chimodzimodzi.

Tadala, chaka chija unabwera pa Khirisimasi, unandipeza ndekha kudimba n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Ababa, kodi n'zoona?" Ine ndinakuyankha ndi msana, ndinati nyamula khasu tizipita. Ndinaona nkhope yako, ndipo ndakhala ndikuiona zaka zonsezi. Adzukulu a a Nankhoma tsopano anakula, wotsiriza anakwatiwa chilimwe chathachi. A Nankhoma eni akewo tawaika m'manda mwezi watha, ndipo kumene apitako kulibe ofesi imene ingawaitane.

Ndiye yankho lako ndi ili, mwana wanga, lachedwa koma lafika. Sindinagulitse. Mboni inalipo.